Mafilimu osaka zilombo a ndalama zochepawa, alipo abwino kapena ndingowasiya?

Mlongo_wa_Chilomoni

Anzanga okonda mafilimu oopsa tandithandizeni. Ine chiyambire ndili mwana tikukhala pa benchi mu vidiyo sho DJ akumasulira mu Chichewa, mtima wanga uli pa mafilimu aja a anthu olowa m'nkhalango ndi mfuti ndi matochi kukasaka chilombo. Sabata yathayi ndadawuniloda atatu opangidwa ndi timakampani ting'onoting'ono ta ku America, bandulo ya mwezi wonse inathera pomwepo ndipo mpaka pano zikundiwawa.

Onse atatu zofanana. Pa posta chilombo chachikulu mano pamtunda, koma ukayamba kuonera mphindi 40 zoyamba ndi anyamata ndi atsikana akungokangana m'galimoto, kukada sukuona kanthu olo ukweze kuwala kwa foni mpaka kumapeto, mawu mphepo yokhayokha, ndiye chilombocho chikatulukira chili ngati katuni, mapazi sakugunda pansi, chithunzithunzi chilibe, udzu sukugwedezeka pomwe chadutsa. Mantha onse amene ndinali nawo anangoti balala.

Funso langa ndi loti vuto ndi ndalama basi? Kapena alipo amene anapanga zabwino ndi ndalama zochepa ine sindikuwadziwa? Sindikufuna kusiya mtundu umenewu chifukwa ndimaukonda zenizeni.

Kambuku_Mzuzu

Asisi musasiye. Yambani ndi Trollhunter, ya ku Norway, inatuluka 2010, anaipanga André Øvredal. Ndalama zake zinali madola pafupifupi 3.5 miliyoni, kwa ife ndi phiri la ndalama koma kwa filimu yokhala ndi zilombo zazitali kuposa mitengo ndi zochepa kwambiri, ku Hollywood sangayambe nazo n'komwe.

Chimene chimandigwira mtima pa filimu imeneyi ndi mlenjeyo. Ana atatu a pa koleji akutsatira bambo wina dzina lake Hans, akuganiza kuti amapha zimbalangondo mozemba boma, kenako apeza kuti ndi wantchito wa boma lomwelo, ntchito yake kupha ma troll, ziphona za m'nthano za ku Norway, amene atuluka m'malire awo. Bamboyu watopa, amagona mu kalavani yonunkha, akudandaula kuti salipidwa za usiku, akapha chilombo amakhala pansi kudzaza fomu, ndipo wawalola anawo kumujambula chifukwa ntchitoyo yamukwana. Aliyense amene anagwirapo ntchito ya boma kumudzi kutali ndi mabwana amuzindikira munthu ameneyu. Ukangomukhulupirira iyeyo basi ndi chilombo chomwe uchikhulupirira.

China, malamulo a chilombocho ndi omveka ndipo sasintha pakati pa filimu. Troll imamva fungo la magazi a mkhristu, kuwala kwa dzuwa kumaisandutsa mwala kapena kuiphulitsa, ndiye Hans amayenda ndi magetsi amphamvu a UV, amene kuwala kwake kumagwira ntchito ngati kwa dzuwa. Mpaka muli dokotala wa ziweto wofotokoza chifukwa chake thupi lake limatero. Zonsezi anazitenga mu nthano zawo zomwe ana a ku Norway amakula nazo, ngati mmene ife tinakulira ndi za fisi ndi kalulu, sanangopeka pa tebulo ayi. Mawaya a magetsi odutsa m'mapiri akuti ndi mpanda wa ma troll, ndiye taonani nzeru yake, mawayawo analipo kale sanalipire kanthu kuti awamange, angoloza kamera basi nkhani yakula.

Mafilimu anu atatu aja ndikukhulupirira palibe ndi mmodzi yemwe mwa osaka aja amene mukukumbuka dzina lake. Pamenepo ndi pomwe anagwera, kulemba munthu wabwino sikufuna madola.

Onaninso Monsters, nayo ya 2010, ngakhale iyi si yosaka kwenikweni, ndi anthu awiri akudutsa dera la zilombo ku Mexico. Gareth Edwards anaipanga ndi ndalama zosakwana madola 500,000, zilombozo anazipanga yekha pa kompyuta kunyumba kwake, ndipo ndi imeneyi inamupezetsa ntchito ya Godzilla ya 2014.

Wa_Sound_ku_Kawale

Ine ndilankhulepo ngati munthu wojambula maukwati ndi makwaya, zaka zapitapo ndithu ndikugwira maiki. Achemwali mwatchula mphepo mu mawu, pamenepo mwakhudza penipeni. Anthu ambiri oyamba kupanga filimu ndalama zonse amathira pa kamera, mawu akudalira ka maiki ka pa kamera komweko. Maso a munthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino, makamaka mu filimu yoopsa, koma khutu silipirira, mawu akangoipa munthu amadziwa kuti awa akusewera ndipo mantha amathera pompo.

Muone Willow Creek ya 2013, ya Bobcat Goldthwait. Mnyamata ndi chibwenzi chake apita ku California kukafuna malo a Bluff Creek komwe mu 1967 Patterson ndi Gimlin anajambula kafilimu kotchuka kaja ka Bigfoot, chilombo chonga nyani wamkulu choyenda ngati munthu chimene amati chimakhala m'nkhalango za kumeneko. Muli gawo lina awiriwa ali mu tenti usiku, kamera yangokhala pamodzi osadula pafupifupi mphindi 20, palibe chimene ukuona kupatula nkhope zawo. Kunja kukumveka kugogoda mitengo, kulira kwina chapatali, kenako mapazi akuyandikira, kenako chinthu chikukhudza tenti. Ndinaionera ndi mahedifoni magetsi atazima, ndinachita kuvula mbali imodzi kuti ndimve ngati phokosolo lili mu filimu kapena kuseri kwa nyumba. Gawo lonselo mtengo wake ndi tenti imodzi, nyali imodzi ndi munthu wodziwa kuika mawu pamalo pake.

Njira imeneyi anaitchukitsa ndi The Blair Witch Project mu 1999. Anajambula masiku 8 m'nkhalango ku Maryland, ndalama zoyambira pafupifupi madola 60,000, inabweretsa pafupifupi 250 miliyoni, ndipo mfitiyo simuiona olo kamodzi. Opangawo ankawachepetsera osewera chakudya tsiku ndi tsiku, usiku n'kumakagwedeza tenti yawo osawachenjeza, ndiye kutopa ndi kukwiya kumene mukuona pankhope zawo mbali yaikulu ndi kwenikweni. Zowamana chakudyazo ine sindigwirizana nazo, wosewera ndi munthu wantchito, koma mfundo yobisa chilombo ndi yolondola.

Ngakhale kale 1972 Charles B. Pierce anapanga The Legend of Boggy Creek ku Fouke, Arkansas, ndi ngongole ya ku kampani ya malole, osewera ambiri anali anthu a m'deralo akufotokoza zimene amati anaziona okha. Chilombo chimaoneka patali m'madambo, pang'ono pokha. Mukaionera lero ina mwa mbali zake ndi yozizira, koma mawu a achule ndi madzi usiku aja amagwirabe ntchito.

Langizo langa, musaonere mafilimu amenewa pa sipika ya foni masana muli mu minibasi. Theka la filimu mumalitaya.

Nyamazani_77

Akulu a sound ndakumvani ndipo ulemu wanu, koma pena sindikuvomereza. Zobisa chilombozi zasanduka pothawira anthu aulesi. Chichokereni Blair Witch aliyense wokhala ndi kamera akuthamanga m'tchire akugwedeza chithunzi, kukuwa, kamera igwe pansi, filimu yatha, ndiye atiuze kuti ndi luso. Munthu wandiuza kuti tikukasaka chilombo, ndakhala naye ola ndi theka, andionetse chimene timasakacho. Willow Creek ndinaionera, za mu tenti zija ndi zoona zimagwira, koma itatha ndinatsala ndi njala.

Ine yanga ndi Dog Soldiers ya 2002, filimu yoyamba ya Neil Marshall. Asilikali a ku Britain ali pa maphunziro m'mapiri a ku Scotland, apeza gulu lina la asilikali litaphedwa, kenako zidziwika kuti gulu lija linatumidwa kukagwira munthu wosanduka mmbulu ali wamoyo. Nkhani ndi ya ku Scotland koma anakajambulira ku Luxembourg. Zilombozo si za pa kompyuta ayi, ndi anthu ovala zigoba ndi zikopa, ndipo Marshall anasankha ovina, anawakweza pa timiyendo towonjezera kuti atalike. Aliyense amene anaonapo Makanja akulowa m'bwalo akudziwa chimene chimachitika m'mimba chinthu chachitali choyenda ngati munthu chikamakuyandikira, mayendedwe okhawo amakuuza kuti ichi si mnzako. Ndiye chinthucho chili m'chipinda momwemo ndi osewera, chikagunda chitseko chitseko chikusweka zenizeni, kuwala kukuchimenya mofanana ndi anthu ena onse. Zija mukunena asisi za mapazi osagunda pansi sizingachitike.

Ndiye kwa ine yankho ndi loti ngati ndalama za CGI yabwino, zija zopanga chilombo pa kompyuta, mulibe, vekani munthu, muunikeni mbali imodzi, muonetseni masekondi ochepa ochepa koma muonetseni. Anthu amakonda kunena za Jaws ya 1975 kuti shaki ya makina inkangowonongeka m'madzi a mchere ndiye Spielberg, amene anapanga filimuyo, anaibisa, n'kumaonetsa migolo yachikasu ikuyandama. Zoona, koma kumapeto shaki ija inakwera pa boti tonse tinaiona. Kubisa kuja kunali kulonjeza, ndipo lonjezo analisunga.

Chinanso asisi, muzisiyanitsa. Pali makampani ngati The Asylum, aja anapanga Sharknado mu 2013, iwowa amapanga mafilimu ambiri mofulumira a pa TV ndipo amadziwa okha kuti anthu akaonera moseka. Amenewo musawayese ndi muyeso wa mantha, si cholinga chawo. Posta isakunamizeni, muziyamba mwaona trailer, ngati chilombo chikuoneka masana dzuwa lili phwee mu trailer momwemo ndipo chikuoneka chopepuka, sungani bandulo yanu.

Mlongo_wa_Chilomoni

Zikomo kwambiri nonse, Trollhunter ndaionera usiku wathawu ndi mahedifoni monga munanenera achimwene a ku Kawale. Pomwe troll ya mitu itatu ija imatuluka m'mitengo ndinagwira mpando. Koma chimene chatsala m'mutu mwanga ndi Hans akufotokoza mmene anamutumira kukapha ma troll onse a dera lina, ndi ana omwe, chifukwa boma limafuna kuboola msewu m'phiri. Sindimayembekeza kuti ndimvera chisoni chilombo. A Nyamazani, Dog Soldiers ndiyotsatira mwezi ukatha.

Nanga kuno ku Africa ilipo ya mtundu umenewu? Nkhani za zilombo tili nazo zambirimbiri.

Malume_ku_Joni

Mwana wanga ilipo koma ndi yochepa. Kuno ku South Africa kuli The Tokoloshe ya 2018, ya Jerome Pikwane, mtsikana wochokera kumudzi akugwira ntchito yokolopa usiku pa chipatala mu Johannesburg. Si yosaka chilombo ndi mfuti, ndi chilombo chimene chikusaka iyeyo, ndipo mantha ambiri akuchokera kwa bwana wake womuzunza kuposa kwa tokoloshe. Amene tinabwera kuno kudzagwira maganyu a usiku timaimva mosiyana filimu imeneyo. Palinso Tremors 5 ya 2015 imene anajambulira konkuno, koma imeneyo ndi nkhani ya Amereka yongobwereka malo athu, mlenje wake ndi Burt Gummer yemwe uja wa mu Tremors yoyamba ya 1990.

Poti mwaimaliza Trollhunter ndinene za kumapeto, amene simunaonere dumphani ndime ino. Zija zodziwika kuti ma troll amalusa chifukwa cha chiwewe zinandikumbutsa kwathu. Ine ndine wa ku Dowa, ndipo mu 2003 kunabuka chilombo chimene chinapha anthu ndi kuvulaza ena ambiri, anthu masauzande anathawa m'midzi kukagona ku boma. A zanyama zakutchire ankati ndi fisi wachiwewe, anthu amene anachiona ankakana kuti fisi timamudziwa, ichi si fisi. Panabwera alenje a boma ndi apolisi kudzachisaka. Mayi anga mpaka lero dzuwa likangolowa salola mwana kupita kudimba.

Wina atafuna kupanga filimu ya mtundu umenewu kwathu, zonse zimene anzanga mwanena pamwambapa zilipo kale, mlenje wa boma wotopa wopanda mafuta a galimoto, mudzi wosakhulupirira zimene akuuzidwa, chimanga chachitali cha mwezi wa Malichi choti sungaone chimene chili mita ziwiri patsogolo pako, kulira kwa fisi usiku. Kompyuta siikufunika pamenepo. Koma ndipemphe chinthu chimodzi kwa achinyamata a makamera, anthu amene analumidwa nthawi ija ena alipo ndi zipsera zawo, ena anataya abale. Musakatenge mayina awo kapena mudzi wawo, pekani mudzi wanu. Ndipo chilombocho chikhale chilombo, filimu isakathere poloza gogo wina kuti ndiye amasanduka fisi, chifukwa tonse tikukumbuka za anamapopa mu 2017 ku Mulanje ndi Phalombe mmene mphekesera zinaphetsera anthu osalakwa. Kwathu munthu akatuluka mu vidiyo sho nkhani imapita nayo kumudzi.

A ku Kawale, inu amene muli ndi zida, kujambula kulira kwa fisi usiku bwinobwino kungafune maiki yamtundu wanji? Disembala ndikubwera kumudzi, ngati ndi yoti ndingaipeze kuno ndikhoza kudzabwera nayo.