Botolo la vinyo wa matcheri: timwe bwanji pa Khirisimasi?

wa_ku_Chilomoni:
Moni nonse. Kunyumba kwabwera botolo la Cherry Kijafa la 750 ml, mphatso yochokera kunja, ndipo tikufuna kulitsegula pa Khirisimasi tikamaliza kudya. Pabotolopo palembedwa 16%. Kodi ameneyu ndi vinyo weniweni kapena ali m'gulu la kachasu? Amamwedwa wozizira? Nanga lingakwane anthu 10? Tili ndi keke ya zipatso, kaya zikugwirizana.

mkulu_wa_bala:
Achemwali, ndi vinyo ndithu, koma wowonjezeredwa mphamvu. Vinyo wa mtundu umenewu amapangidwa ndi matcheri owawasa, osati otsekemera aja odya pamanja. Madzi a zipatso amawira ndi yisiti, kenako opanga amathiramo mowa wotcheza. Mowa ukachuluka yisiti amafa, shuga amene anali asanathe amatsala momwemo. N'chifukwa chake amatsekemera komanso amafika 15 mpaka 20%, pamene vinyo wamba amathera pa 12 mpaka 14%. Musamusokoneze ndi Cherry Heering, amene ndi likya (mowa wotcheza wothira shuga) wa 24%, wokhuthala kwambiri.

Pa kuzizira ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amafunika madigiri 12 mpaka 14. Kutentha kwa mu Disembala kuno, botolo likakhala patebulo mowa umatsogola n'kukuwotchani m'mphuno, ndipo kutsekemera kumalemera ngati mankhwala a chifuwa. Likazizira mopitirira, fungo la zipatso limabisala, mumangomva shuga. Ndiye liikeni mu furiji maola awiri musanatsegule. Ngati lagona momwemo, litulutseni patatsala mphindi 15 kuti muthire. Magetsi akathima, ndowa ya madzi ndi ayezi kwa mphindi 20 imagwira ntchito yomweyo.

Muyezo wake ndi 60 ml pa munthu, ndiye botolo lanu limatulutsa magalasi 12. Anthu 10 akwana. Gwiritsani timagalasi ta vinyo topanikiza kukamwa, muthire osafika ndi theka lomwe. Koma chenjerani, shuga amabisa ukali: magalasi awiri a 60 ml ali ndi mowa woposa botolo limodzi la 330 ml la mowa wa 5%. Woyendetsa galimoto angonunkhiza basi.

wophika_makeke:
Za keke ija ndiyankhe ine. Lamulo lake ndi lakuti chakudya chisatsekemere kuposa vinyo. Chikaposa, vinyo amamveka wowawasa ndi wopyapyala mkamwa. Keke ya zipatso yopanda aisingi ikhoza, koma ngati yapakidwa shuga woyera pamwamba, chotsani kapena mudye nthawi ina. Chomwe chimagwirizana naye kwambiri ndi chokoleti chakuda cha 70%, chifukwa kuwawa kwake kumadula shuga. Mtedza wokazinga wothira kamchere pang'ono nawonso suli kutali. Malalanje ndi chinanazi ayi, asidi wake amalimbana ndi wa matcheri.

Mukathira, musafulumire. Pendeketsani galasi pamwamba pa nsalu yoyera: akhale wofiira kwambiri, wopita kukuda. Zungulizani pang'ono, nunkhizani mphuno ili pamphepete, osailowetsa mkati. Mumva matcheri ophika, ndipo kumbuyo kwake kafungo ka amondi. Kameneko sikuwonongeka ayi, kamachokera ku njere za matcheri. Kenako kamweni pang'ono, kakhale palilime masekondi angapo. Wabwino amayamba kutsekemera n'kumaliza ndi kuwawasa kotsuka mkamwa. Amene amangomata mpaka kumapeto ndi wa shuga chabe.

Zizindikiro zoti botolo lafa: fungo la viniga kapena la mankhwala ofufutira utoto wa zikhadabo, fungo la katoni yonyowa (vuto la chotsekera cha koko, chopangidwa ndi khungwa la mtengo), kapena mtundu wabulauni wopanda fungo la chipatso, zomwe zimachitika botolo likakhalitsa padzuwa kapena m'buti ya galimoto.

wa_ku_Aarhus:
Ndiwonjezere za kwawo kwa vinyoyu, poti anayambira ku Denmark. Kuno ku Denmark chikondwerero chachikulu ndi usiku wa pa 24 Disembala, ndipo chomalizira kudya ndi risalamande: phala la mpunga wophikidwa mu mkaka, lozizira, losakaniza ndi kirimu wopuntha, vanila ndi amondi woduladula, pamwamba n'kuthira msuzi wa matcheri. Amabisamo amondi mmodzi wathunthu, womupeza amalandira mphatso. Vinyo wa matcheri amakhala bwino pambali pake, ndipo mpunga wa Kilombero ungakuchitireni ngati mwauphika mpaka kufeweratu. Masipuni awiri a vinyoyo mu msuzi, mutaphula pamoto, amaukometsa.

Achimwene a bala sanatchule za ayezi m'galasi. Polawa koyamba musaike, amasungunula kukoma. Koma masana kukutentha, gawo limodzi la vinyo ndi magawo awiri a toniki kapena soda, ayezi ndi kachidutswa ka ndimu, palibe tchimo.

Wotsala mutseke bwino, botolo liime chilili mu furiji, mumalize pasanathe masabata atatu kapena anayi. Ngati watsala wochepa, m'tsanulireni m'kabotolo kakang'ono kodzaza mpaka kukhosi, chifukwa chomwe chimamupha ndi mpweya.

wa_ku_Chilomoni:
Zikomo nonse. Keke ili ndi aisingi, ndiye tigula chokoleti. Achimwene a ku Aarhus, pa makapu angati a mkaka pamalowa kapu imodzi ya mpunga?