Kodi chidole cha katsina ndingachiike pabalaza?

Abale anga a ku Arizona kuno, ndithandizeni nzeru. Mnzanga wa kuntchito wandipatsa chidole cha katsina, chimene Ahopi, mtundu wina wa eni nthaka a kuno ku Arizona, amachitcha tihu. N'chopepuka ngati chisononkho, chifukwa amasema ku muzu wouma wa mtengo wa cottonwood, ndipo kumapazi kukuonekabe timizere ta mpeni. Ine mwana wa ku Dedza, nditangoona nkhope yake ndi nthenga za kumutu, mtima unapita ku Gule Wamkulu.

Apa mpamene pagona nkhawa yanga. Kwa eni ake sichoseweretsa wamba. Akatsina ndi mizimu yobweretsa mvula, imene imakhala pakati pa anthu mpaka mwambo wa Niman mu Julaye, kenako n'kubwerera ku mapiri a San Francisco Peaks. Zidolezi amapatsa ana aakazi pa mwambo wa Powamuya mu Febuluwale ndi pa Niman pomwepo, kuti aidziwe mizimuyo, ndipo amazipachika kukhoma.

Tsono ine mlendo, ndichipachike pabalaza, kapena n'chipongwe? Mwana wanga wamkazi akuchilirira kale, dzulo anatsala pang'ono kuzula nthenga imodzi. Komanso popeza zonamizira zachuluka m'misewumu, chosemedwa ndi Mhopi weniweni mumachizindikira bwanji? Amene munafikako ku Heard Museum, nyumba yosungiramo zinthu zachikhalidwe ku Phoenix, kuli anthu oti n'kuwafunsa?