Plug-in hybrid yanga ikutha batire msanga chiyambireni sinowo, kodi yafa?

Nangozo_Aberdeenshire:

Abale anga ndithandizeni maganizo chonde, mtima wanga suli m'malo. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo kuno ku Aberdeenshire, ku Scotland, ndiye tsiku lonse ndimangokhalira pa msewu, nyumba iyi mphindi 30, ina 45, midzi yakenso yotalikirana. Mu May ndinagula plug-in hybrid ya sekondi handi, ija umatchaja pa soketi koma ili ndi injini ya petulonso. Nthawi yotentha ndinkasangalala nayo kwabasi, ndikatchaja usiku m'mawa inkalemba mamailosi 28 ndipo ndinkazungulira theka la ntchito injini osalira ngakhale kamodzi.

Koma chilowereni December zinthu zatembenuka. Dzulo kunali -6, ndatchaja usiku wonse koma imalemba 16 basi, ndiye ndisanatuluke n'komwe pa geti injini yalira yokha, ndikadina batani la EV, loti iyende pa magetsi okha, ikukana. Petulo amene ndinkathira kamodzi pa mwezi pano akutha masabata awiri. Kodi batire yafa? Ngongole yake sindinamalize n'komwe, usiku tulo sindikuona.

China ndi ichi, Lachiwiri ndikutsika kamsewu kopita kwa agogo ena amene ndimawapatsa mankhwala a m'mawa, nditangochotsa phazi pa accelerator galimoto inayamba kupita cham'mbali, mabuleki sindinaponde n'komwe. Ndinaima pambali manja akunjenjemera mpaka mphindi zisanu. Ine ndakulira ku Ntcheu, kuzizira kwa mu June ndimakudziwa, koma izi ndi zina.

AchimweneWinnipeg:

Achemwali khazikani mtima pansi, batire yanu siinafe ayi. Ine ndili ku Winnipeg komwe mu January -30 si nkhani yoti anthu n'kudabwa nayo, ndipo ndayendetsa ya mtundu umenewu nyengo zozizira zinayi tsopano, zimene mukunenazo zimandichitikira chaka ndi chaka kenako April akafika mamailosi aja amabwerera okha.

Pali zinthu ziwiri zikuchitika. Batire ya lithium ikazizira mphamvu imayenda movutikira mkatimo, zili ngati uchi wa m'botolo m'mawa kukazizira, ulimo ndithu koma kutuluka kwake ndi kwa pang'onopang'ono. Ndiye imapereka mphamvu zochepa komanso kutchaja kumachedwa. Koma wakuba wamkulu ndi hita. Galimoto ya petulo wamba kutentha kwa mkati imakupatsani ulele chifukwa injini imatentha kale, amangotengako kutenthako n'kukuuzirani. Mukakhala pa EV injini ili zii, ndiye kutentha konse kuchoke mu batire yomweyo imene mukufuna ikuyendetseni, ndipo hita ya magetsi imakoka ma kilowatt angapo makamaka poyamba penipeni mkati muli ngati mu filiji. Batire ya plug-in ndi yaing'ono, zambiri za zaka zimenezo zili pakati pa 8 ndi 14 kWh, ndiye hita ikangodyako pang'ono mumaoneratu pa dashibodi. Zina zili ndi heat pump, hita yokoka kutentha mu mpweya wa panja, imene imadya pang'ono, koma nayonso kukazizira zedi imafooka.

Injini kulira yokhako si kuwonongeka, kompyuta ya galimoto yaona kuti mwapempha kutentha kwambiri kapena mwayatsa defrost ya galasi lakutsogolo, kapenanso batire yazizira, ndiye yaitana injini idzathandize. Musalimbane nayo.

Chimene ndikufuna musamale ndi ntchito yanuyo. Maulendo afupiafupi injini imalira mphindi zitatu n'kuzima isanatenthe, ndiye chinyezi ndi tipetulo timatsalira mu oyilo. Kamodzi pa sabata ipatseni ulendo wa mphindi 20 kapena 30 pa msewu waukulu injini ikulira mpaka itenthe bwinobwino, ndipo oyilo muzisintha pa nthawi yake ngakhale mukuona ngati injini simukuigwiritsa ntchito kwenikweni.

Mayi_a_Tadala_Trondheim:

Asisi pepani ndi mantha munaona aja, ndikukumvetsani chifukwa chaka changa choyamba kuno ku Norway ndinalirapo mu galimoto. Zimene anena achimwenewo ndi zoona, ine ndingowonjezera chimene chinandithandiza kwambiri. Muzitenthetsa galimoto IKADALI pa chaja. Zambiri zili ndi timer mu menyu kapena pa app ya pa foni, mumangoika kuti ndinyamuka 6:30 ndiye imayamba yokha kutenthetsa mkati pogwiritsa ntchito magetsi a m'nyumba, mukamatuluka galasi lasungunuka kale, mpando uli fuu, batire ikadali yodzaza kapena yangotsika pang'ono. Ndipo ngati n'kotheka muike kuti kutchaja kuzitha cha m'mawa pafupi ndi nthawi yonyamuka, batire ikamatchajidwa imafundako ndiye mumanyamuka nayo isanazizirenso.

Mukakhala pa msewu tsitsani hita kufika 18 kapena 19, yatsani hita ya mpando ndi ya chiwongolero ngati ilipo, zimenezo zimadya pang'ono zedi poyerekeza ndi kutenthetsa mpweya wa galimoto yonse. Koma galasi likachita nthunzi yatsani defrost basi injini ilire, musamayende osaona bwino chifukwa choumira petulo wa mapaundi awiri.

Koma asisi funso langa lenileni ndi ili, matayala anu ndi otani? Chifukwa nkhani ya mamailosi ndi ya ndalama chabe koma ya Lachiwiri ija ndi ya moyo. Kuno munthu suyerekeza n'komwe kulowa mu December ndi matayala a nthawi yotentha. Labala wake kukazizira kutsika 7 digiri amayamba kuuma ndipo sagwira msewu, pomwe a winter amakhala ofewabe. Yang'anani m'mbali mwa tayala, pakhale kachizindikiro ka phiri la nsonga zitatu mkati mwake muli kanyenyezi ka sinowo. Ku UK lamulo silikakamiza koma misewu ya kumidzi imene mukuyendayo 6 koloko m'mawa, mwina gritter, galimoto yothira mchere pa msewu ija, isanadutse n'komwe, ine sindingalole m'bale wanga. Ngati ndalama ya maseti awiri palibe gulani all-season okhala ndi chizindikiro chimenecho, onse anayi, osati awiri okha. Plug-in ndi yolemera chifukwa cha batire ija, ikayamba kutsetsereka kuigwira kwake n'kovuta.

Chikopa77:

Ine ndinene mosabisa, gulitsani mugule ya dizilo yaing'ono. Magalimoto a magetsiwa ndi a m'tauni, kumapiri kumeneko muzingovutika nawo.

Bambo_a_Mphatso_Perth:

A Chikopa ayi, pamenepo sinditsagana nanu. Mayiwa amaima nyumba khumi pa tsiku, dizilo ya masiku ano ili ndi DPF, sefa yogwira mwaye wa mu utsi, imene imatsekeka ndi maulendo afupiafupi omwewo, mukufuna muwachotse pa moto muwaike pa makala. Miyezi itatu kapena inayi adzathira petulo wochulukirapo, miyezi ina yonseyo ayenda pa magetsi, vuto lili pati?

Mayi, ine ndimayenda msewu wa A9 pafupipafupi kudutsa kumapiri kwa Drumochter ndipo za kutsetsereka zija ndikuganiza ndi regen. Mukachotsa phazi pa accelerator mota imagwira matayala kuti ibwezere magetsi mu batire, ndiye ngati munaika giya pa B, pamene regen imagwira mwamphamvu, kapena pa mlingo wapamwamba wa regen zimakhala ngati mwaponda mabuleki mwadzidzidzi, pa ayisi tayala limangotaya msewu. Kukakhala sinowo kapena ayisi bwererani pa D, giya ya masiku onse, kapena tsitsani regen ndi timapadulo ta kuseri kwa chiwongolero ngati tilipo, ngati pali Snow mode idinani, phazi muzichotsa pang'onopang'ono ndipo liwiro muchepetse musanafike potsetsereka osati muli kale pakati pake. Dziwaninso kuti batire ikakhala yodzaza kapena yozizira kwambiri regen imachepa yokha, ndiye m'mawa galimoto imatha kumveka ngati ikuthamanga yokha mukachotsa phazi, masana n'kumagwira mwamphamvu, musamaidalire kuti ichita chimodzimodzi nthawi zonse. Highway Code imanena kuti pa ayisi mtunda woimira ukhoza kuchuluka kakhumi. Ndipo ngakhale ikhale ya 4x4, imathandiza ponyamuka pokha, poima ayi.

Musaiwale kabatire kakang'ono ka 12V, anthu ambiri sadziwa kuti kalimo. Kakafooka ndi kuzizira galimoto siyaka ngakhale batire yaikulu ili 100%, ku garaja akhoza kukuyezerani mphindi zochepa. Mpweya wa m'matayala nawo umatsika kukazizira, muziyeza. Kachitseko ka potchajira kakaundana musathire madzi otentha, ka de-icer kosungunula ayisi kapena kukanikiza ndi chikhatho mozungulira kamatseguka.

Chomaliza ndipo ichi ndikunena ndi mtima wonse. Kwanuko si kutali ndi Braemar kumene mu February 2021 kunafika -23, ndipo misewu ngati A93 ndi A939 amatseka ndi mageti sinowo ikachuluka. Thanki isamatsike theka, mu buti muzikhala bulangete, kafosholo, tochi, madzi ndi kachakudya. Mukatitimira mu sinowo n'kumadikira thandizo hita ili yoyaka, tulukani mufukule pa ekizozi pakhale poyera, chifukwa injini ya plug-in imalira yokha osakuuzani ndipo mpweya wa poizoni wa mu utsi wake ukabwerera mkati sununkha, munthu umangogona. Chimodzimodzi mu garaja yotseka, musaisiye yoyaka.

Nangozo_Aberdeenshire:

Zikomo kwambiri nonse, Mulungu akudalitseni, dzulo ndagona tulo koyamba sabata ino. Bambo a Mphatso mwalasa, ndinkayendera pa B nthawi zonse chifukwa amene anandigulitsa anati ndi mmene umasungira batire, ndabwerera pa D. Timer ndaipeza, mwana wanga ndi amene wandiikira, lero 6:20 ndatuluka galasi lili mbee osakanda ndi kakhadi komwe, imalemba 19 ndipo injini yadzalira nditafika kale nyumba yachitatu.

Matayala ndayang'ana ndi tochi onse anayi, kaphiri kaja palibe. Ndaimbira garaja ya pafupi andiuza Lachisanu, ndalama ndichotsa pa imene ndimati nditumize kumudzi ya feteleza wachiwiri, ndawafotokozera amayi amvetsa, akuti bola ndizifika kwa agogowo ndi moyo. Mpaka Lachisanulo kamsewu kaja ndizisiya galimoto pamwamba n'kutsika wapansi. Asisi a ku Trondheim, ma all-season aja amadyanso mamailosi a batire kapena kusiyana kwake n'kochepa?