Filimu yotsatsa hotela: tingatengereko chiyani kwa akatswiri akale a ku Japan?

Kamkamera: Akuluakulu, kusukulu atipatsa ntchito yojambula filimu ya masekondi 60 yotsatsa hotela ya m'mbali mwa nyanja ku Salima. Tili ndi kamera imodzi, lenzi ya 50mm, tripod, ndi tsiku limodzi basi. Drone tilibe. Aphunzitsi akuti tiyambe taonera mafilimu akale a ku Japan. Koma mafilimu a m'ma 1950 angatithandize chiyani pa zotsatsa malonda?

Wakumtunda: Achimwene, zida zanuzo n'zomwe Yasujiro Ozu, katswiri wopanga mafilimu wa ku Japan, ankakonda. Iye ankajambula ndi lenzi ya 50mm, kamera ili pansi kwambiri ngati maso a munthu amene wakhala pamphasa, ndipo sankaisuntha kawirikawiri. Onerani filimu yake ya Tokyo Story ya 1953, makamaka pamene makolo okalamba a m'filimumo atumizidwa ndi ana awo kumalo ogona alendo ku Atami.

M'chipinda cha hotela tsitsani kamera ifike pafupifupi masentimita 70. Mukajambula mutaimirira, kamera imaweramira pansi, makoma amaoneka opendekeka, bedi n'kudzaza chithunzi chonse. Ikakhala pansi, yosayang'ana kumwamba kapena pansi, mizere ya chitseko ndi windo imaongoka.

Vuto n'lakuti ngati sensa (kachipangizo kolandira chithunzi) ya kamera yanu ndi yaing'ono, 50mm imaona ngati 75mm, ndiye chipinda sichikwana. Bwererani m'mbuyo, mujambulire panja pa chitseko, mafelemu ake aoneke m'mbali. Ozu ankachita zomwezo. Ankaikanso tizithunzi topanda munthu pakati pa zochitika, monga zovala zoyanika kapena kanjira ka m'nyumba. Inu jambulani ketulo ikutulutsa nthunzi, katani ikuuluzika, nsapato ziwiri pamchenga.

MayiWaEditing: Zoona, koma musatengere Ozu mpaka kuchedwa kwake. Iye anali ndi maola awiri, inu muli ndi mphindi imodzi. Konzani zithunzi 14 za masekondi anayi chilichonse, masekondi omaliza musiyire dzina la hotela. Pojambula, chilichonse chitalike masekondi 10 kuti mudzakhale ndi podula.

Kamera ikaima, china chake chiziyenda m'chithunzimo, apo ayi anthu aziyesa ndi mafoto oikidwa mondondozana. Mawu musadalire a pakamera. Jambulani padera phokoso la mafunde, la supuni m'kapu, ndi mphindi imodzi ya chipinda chili zii. Mwera ukamawomba, vekani maikolofoni chotchinga mphepo.

Wakumtunda: Ndionjezepo za magetsi. Athu ndi a 50Hz, choncho ikani 25fps (zithunzi 25 pa sekondi) ndi shutter (nthawi yomwe kamera imalowetsa kuwala) pa 1/50 ya sekondi. Mukasiya pa 30fps ndi 1/60, mababu amaphethira, m'chithunzi mumayenda mizere. Komanso musasakanize kuwala: pa muyeso wa mtundu wa kuwala, kwa pawindo kumakhala cha m'ma 5600K, kwa babu lachikasu cha m'ma 3200K. Mukayatsa zonse, mashiti oyera amatuluka mbali ina abuluu, mbali ina achikasu. Zimitsani mababu, white balance (yosinthira mitundu kuti zoyera zioneke zoyera) muike pamanja.

Chisale_wa_Lenzi: Mwaiwala Akira Kurosawa. Mu Rashomon ya 1950, wojambula wake Kazuo Miyagawa ankagwiritsa ntchito magalasi kubweza kuwala kwa dzuwa pankhope za ochita sewero m'nkhalango. Hotela siisowa galasi. Mmodzi aime panja, abwezere dzuwa kudenga loyera la chipinda, osati pankhope mwachindunji chifukwa munthu amatsinzina. Azilisuntha pang'onopang'ono, popeza dzuwa likuyenda.

Ku Salima dzuwa limatulukira kunyanja, ndiye za pagombe muyambe nazo m'bandakucha, zipinda mujambule masana, chakudya madzulo. Dzuwa likakwera, 1/50 imalowetsa kuwala kochuluka ndipo madzi amangoyera mbee, choncho bwerekani ND filter, kagalasi kakuda koika palenzi kochepetsa kuwala. Alendo enieni musawajambule popanda chilolezo cholemba. Tengani anzanu awiri a m'kalasi, avale zovala zopanda timizere ting'onoting'ono, chifukwa timeneto timanjenjemera pa sikirini.