Khoma la holo yathu ya ku Chadiza: tijambulepo chiyani?

Mlembi: Abale ndi alongo, moni nonse. Uthenga wochokera kumudzi ndi wakuti ntchito ya denga la holo yatha, ya pulasitala wam'kati yathanso. Pamsonkhano wa ku Matero tinasiya nkhani imodzi ili lendelende, ya khoma lalikulu lija loyang'ana pakhomo. Achinyamata akuti pajambulidwe chithunzi chokumbukira zaka zimene zigawenga za Renamo za ku Mozambique zinkadumpha malire n'kulowa m'midzi yathu. Apampando ati tikambirane muno tisanakumane Loweruka.

Msungichuma: Ine ndinene msanga. Ndalama zatsala pang'ono ndipo holo ilibe thanki ya madzi. Penti yoyera ikwanira. Zojambula zidikire chaka chamawa.

aPhiri a ku Chilenje: Amsungichuma, thanki ndi yofunika, sindikana. Koma ine ndinavala yunifomu ndipo anzanga ena anatsala kuthengo kumalire komweko. Mwana wa ku Chadiza lero sadziwa kuti kuyambira 1987 anthu a kwathu, a ku Katete ndi a ku Petauke ankagona kutchire kuopa mfuti. Pakhomapo paime msilikali wa Zambia, mfuti m'manja, mbendera kumbuyo. Basi.

aNabanda a ku Mtendere: Atsibweni aPhiri, ulemu wanu ndi waukulu ndipo palibe angaufafanize. Koma ndiloleni ndifunse. Amene ankagona kutchirewo ankadya chiyani, ndipo ankaphika ndani? Ine ndinali mtsikana wongotha kumene msinkhu. Amayi ankasinja usiku ataika nsanza pansi pa mtondo kuti kugunda kwa musi kusamveke patali. Nsima ankaphikira m'chigwembe, moto wake wamakala okhaokha kuti utsi usaoneke. Mwana wakhanda akayamba kulira, azimayi onse mitima inali m'mwamba, mayi wake n'kumutseka ndi bere ngakhale mkaka utauma. Achemwali anga aakulu anagwidwa pachitsime, anawasenzetsa thumba la chimanga cha m'nkhokwe yathu yomwe mpaka kutsidya kwa malire. Anabwerako ali moyo, koma mpaka anamwalira sanakambepo zimene anaona kumeneko, ndipo sanapitenso kuchitsime okha. Chithunzi cha mwamuna wamfuti sichinena chilichonse cha izi. Ngati khomalo ndi la nkhondo ija, mzimayi wa katundu pamutu ndi mwana kumbuyo asasowepo.

aPhiri a ku Chilenje: Mwanawanga, pepa za mkulu wako. Sindinadziwe.

Amake Dalitso: aNabanda mwandiliza. Onjezanipo azimayi a ku Mozambique amene ankafika m'makomo mwathu miyendo itatupa, akulankhula Chichewa chomwechi, ena a mfunda wathu womwe. Ambuya anga anasunga mayi wina ndi ana ake m'khitchini mpaka boma linawatengera kukampu ya othawa nkhondo ya ku Ukwimi, ku Petauke. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 ambiri anabwerera kwawo, koma ena anakwatiwa konkuno ndipo adzukulu awo ndi amene adzavinire mu holo imeneyi.

Msungichuma: Zonsezi n'zoona, amayi. Komatu mu holomo mudzachitika maukwati. Mkwatibwi adzajambulitse chithunzi kumbuyo kwake kuli anthu othawa nkhondo? Ndani adzabwereke holo yotero? Ndalama yokonzera zowonongeka tikuyembekeza kuipeza pa lendi.

aNgozo a ku Kaunda Square: Apa ndiye pali nkhani. Mabala ena ndi osatosa. Kumudzi kuli mabanja amene ankaganiziridwa kuti ankalozera zigawenga njira. Zinazizira zimenezo. Tikuziutsiranji ife a m'tauni?

Mdzukulu wa aNaphiri (wophunzira zojambula): Makolo anga, ndine wamng'ono muno, mundikhululukire ndikatalikitsa. Ganizo lija tinabweretsa ndi ife, koma nditamva azakhali aNabanda ndaona kuti funso lenileni ndi lakuti agwire ntchitoyo ndani. Mnyamata wa ku Lusaka ngati ine, wobadwa nkhondo itatha, akapita ndi mabulashi ake adzajambula nkhondo ya m'mafilimu: moto, magazi, anthu akukuwa. Zimenezo ndiye zidzathawitsa maukwati, amsungichuma akunena zoona.

Ku Chile, Pinochet atalanda boma mu 1973, azimayi amene amuna ndi ana awo anasowetsedwa ankakumana n'kumasoka zigamba za nsalu pa masaka, nthawi zina zigamba za zovala za osowawo. Nsalu zimenezo amazitcha arpilleras. Ukaziona koyamba umaona mapiri, dzuwa, tinyumba ndi mitundu yowala. Ukayandikira m'pamene umaona azimayi aima pakhomo la ndende, mpando wopanda munthu patebulo, mphika umodzi ukudyetsa mudzi wonse. Zinkatumizidwa kunja ndipo dziko linadziwa zimene nyuzipepala za kumeneko sizinkalemba. Amene ankasoka sanali akatswiri a kukoleji, anali eni nkhaniyo. Ngakhale ku Mozambique komweko, Bishopu Dinis Sengulane anayambitsa ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera mu 1995, ndipo amisiri anadula mfutizo n'kuwotcherera ziboliboli. Mpando wina wopangidwa ndi mfuti zimenezo uli ku British Museum ku London.

Pempho langa ndi ili: khoma likhale loyera monga afunira amsungichuma, koma azimayi a kumudzi amene anaona nkhondo asoke nsalu yaikulu ya zigamba za zitenje, aliyense chigawo chake. Tidzaipachika pa ndodo. Tsiku la ukwati eni ukwati akafuna aipinde.

aNabanda a ku Mtendere: Kuipinda ndiye ayi, mwanawanga. Zaka zonsezi nkhani zathu zakhala zopindidwa. Koma zoti asoke eni ake, pamenepo wandigwira mtima. Azimayi a kwathu luso ali nalo kale. Ndani amazira nyumba ndi kulemba maluwa pakhoma ndi dothi lofiira, loyera ndi lakuda? Ndani amaumba mbiya? Ndani amapeka nyimbo za pamtondo ndi za chimtali? Mzimayi wachichewa chimene walephera kunena pabwalo amachiimba akusinja, mwamuna wake ali pomwepo akumva. Agogo a amayi anga anali ndi nyimbo yodandaula mwamuna amene anatengedwa kunkhondo ya azungu, ndipo ndinaimva ndili mwana osadziwa kuti ikunena za munthu weniweni. Amunawo maina a kumene anakamenya alipo mpaka lero: Arakan Barracks ndi Burma Road muno mu Lusaka, Gondar Barracks ku Chipata, Chindwin ku Kabwe. Amene anatsala akulima okha, kulera okha ndi kusakira okha ndalama ya msonkho, chawo ndi nyimbo ija basi, ndipo oidziwa akutha.

Amayi Tembo a ku Kabwata: Ndakhala chete ndikuwerenga. Ndili ndi dandaulo limodzi. Mukamakamba za mzimayi ndi nkhondo, mukumuonetsa akuthawa ndi kulira kokhakokha. Ine nditamaliza Fomu 5 m'zaka za m'ma 1970 ndinapita ku Zambia National Service monga atsikana onse omaliza Fomu 5 nthawi imeneyo. Tinaguba, tinaphunzira kumasula ndi kumanga mfuti, tinalima minda ya kukampu manja mpaka matuza. Inali nthawi imene ndege za Ian Smith, mtsogoleri wa boma la azungu ku Rhodesia, zinkaphulitsa mabomba m'dziko muno. Pa 19 Okutobala 1978 anaphulitsa kampu ya ku Chikumbi, pafupi pomwepa, ndipo tsiku lomwelo anakantha kampu ya ku Mkushi kumene kunali atsikana a ZIPRA, gulu lomenyera ufulu wa Zimbabwe, ambiri a msinkhu wathu. Lero ana athu aakazi ali m'gulu la asilikali a Zambia osungitsa mtendere ku Central African Republic. Pansalupo ndikufuna pakhalenso mtsikana wa jombo ndi chipewa, ataima chilili.

aPhiri a ku Chilenje: Alamu, pamenepo tagwirizana. Akhale wamkazi msilikaliyo, ine ndilibe nazo vuto. Koma yunifomu isokedwe molondola. Ndili ndi malaya anga akale m'sutikesi, dulanipo zigamba.

Amake Dalitso: Nafenso akazi a m'mabaraki musatiiwale. Bambo a Dalitso akapita kunja miyezi yambirimbiri, foni ikalira usiku mtima umayamba wagunda ndisanaone woimba.

aNgozo a ku Kaunda Square: Funso langa silinayankhidwe. Wina akasoka nkhope ya mnansi wake n'kunena kuti uyu ndiye anatipereka?

aNabanda a ku Mtendere: aNgozo, nkhawa yanu ndi yoona. Pasakhale dzina kapena nkhope ya munthu wodziwika. Ndiponso pasakhale kukakamiza. Alipo azimayi amene anachitidwa zosaneneka, ndipo ena amuna awo sadziwa mpaka lero. Amene safuna asafunsidwe kawiri. Kukamba nawo apite azimayi okhaokha, makamaka anamkungwi, popeza iwo amadziwa kusunga chinsinsi. Anyamata a makamera atsale panja.

Msungichuma: Ngati ndi ulusi, singano ndi nsalu yapansi, thanki sifa. Zimenezo tingagule ku Kamwala. Koma osokawo alandire kangachepe, asagwire ntchito yaulere pamene omanga tinawalipira. Za kupinda kapena kusapinda ndikufuna zilembedwe bwinobwino tisanayambe kulandira ndalama za maukwati.

Wapampando: Zikomo nonse. Sitingagamule tili ku Lusaka nkhani ya anthu amene ali kumudzi, ndipo mafumu ayenera kumva kaye. aNabanda ndi amayi Tembo, popeza mukupita ku Kulamba ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, pitirirani mpaka kwathu mukakhale pansi ndi azimayi. Mdzukulu, bwera Loweruka ndi miyeso ya khoma. Nkhani yopinda nsalu tidzavota pamsonkhano.

aNabanda a ku Mtendere: Ndavomera ulendowo, apampando. Koma voti ya kupinda idikire mpaka tibwereko. Amene adzasoke ndi amene anene ngati nsalu yawo ingachotsedwe pakhoma.

aNgozo a ku Kaunda Square: Ine ndikadali ndi mantha, koma Loweruka ndibwera. Msonkhano ndi nthawi yanji?

Mlembi: 14 koloko, malo omwe aja ku Matero. Amene muli ndi zitenje zakale bweretsani.