Kuseri kwa nyumba kwasanduka dziwe, ndithandizeni nzeru

Make_Mapasa:
Abale, ndathedwa nzeru. Tinagula kapuloti ku Area 49 kuno ku Lilongwe, chakumunsi kolowera ku Lingadzi. Tinagula mu Seputembala pansi pali gwaa, osadziwa kuti ndi padambo. Zaka ziwiri zoyamba madzi ankangodutsa. Chaka chatha aneba akumunsi anamanga mpanda wa njerwa, ndiye kuyambira pamenepo mvula ikagwa madzi amakhala masiku anayi osaphwa. Popita kubafa timaponda panjerwa zomwe ndinandandalika, dzulo mwana anaterereka ndi ndowa yomwe. Achule usiku ndiye musanene. Khoma la kuchipinda layamba kunyowa mmunsi, penti ikusupuka. Bambo akunyumba akuti tikumbe dzenje tithiremo miyala. Zithandiza koma?

Mmisiri_wa_ku_Kawale:
Mayi, bambowo ayambe adikira. Kumbani kaye kadzenje kolekeza m'bondo, muthiremo madzi ndowa ziwiri madzulo. Mukapeza mmawa madzi ali chikhalire, dziwani kuti dothi lanu ndi makande, ndipo dzenje la miyala lingokhala chitsime china pakhomo. Njira imeneyo imagwira padothi lofiira kapena lamchenga, lomwe limamwa madzi. Padambo mwezi wa Febuluwale madzi amachita kutumphuka pansi, ndiye enawo alowera kuti?

Madzi amafuna njira basi. Mvula ikamagwa tulukani ndi ambulera, muone komwe akuthamangira ndi pomwe akuima. Kumbani ngalande motsatira njira yomweyo, izitsetsereka pang'onopang'ono, sentimita imodzi kapena awiri pa mita iliyonse. Musayese ndi maso, maso amanama. Kungani chingwe, mubwereke levulo. Mukatero yalani njerwa m'ngalandemo kuti isamagumuke. Dothi lomwe mwafukula musataye, muunjike m'mbali mwa khoma n'kulitsendera kuti madzi azithawa nyumba. Komanso ambiri mwa madziwo ndi a padenga lanu lomwe. Ikani magatala, muzitchera mu diramu, ochapira muwapeza pomwepo.

Jah_Man25:
Thiranimo oyilo wakutha wa galimoto, udzudzu uthawa wonse.

Anamwino_Opuma:
Ayi achimwene, oyilo ayi! Ana amasewera pomwepo, nkhuku zimamwa pomwepo, ndipo amalowa pansi mpaka m'zitsime za anzanu. Koma za udzudzu mwanena zoona. Nyengo yotentha ngati ino, dzira limatha kukhala udzudzu wouluka pa sabata imodzi kapena masiku khumi, ndipo wa malungo umakonda tizithaphwi ta madzi amvula towombedwa ndi dzuwa ngati tanuto. Masikito usiku uliwonse, mayi.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ine ndi chimbudzi. Ngati ndi chokumba, suzumiranimo ndi tochi muone pomwe madzi alekeza. Chikasefukira zonse zibwera pabwalo. Kolera wa 2022 ndi 2023 anatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sitinaiwale. Kwezani pakhomo pa chimbudzicho, ndipo madzi akumwa muzithira mankhwala kapena kuwiritsa.

Gogo_wa_Dimba:
Mwana wanga, vuto lako si dothi, ndi mpandawo. Pita kwa anebawo ndi bambo ako akunyumba, mukagwade bwinobwino, osati kukalalata. Apempheni muboole mabowo awiri kapena atatu mmunsi, muikemo mapaipi, ndipo ngalande ya mbali yawo muwakonzere ndinu mpaka kumsewu. Auzeninso kuti madzi otsamira khoma masiku anayi adzaugwetsa mpanda wawo womwewo. Akakana, amfumu alipo. Pomwe pamathera madzi a kubafa dzalapo nthochi, zimamwa kwambiri. Bulugama usayerekeze pafupi ndi nyumba, mizu yake ing'amba maziko.

Make_Mapasa:
Zikomo nonse. Kadzenje ndinakumba dzulo, mmawa uno ndapeza madzi achita kuwonjezekera, muli ndi chule. Bambo angoti kukamwa yasa, za miyala sakuzitchulanso. Kwa aneba tipita Loweruka. Amisiri, paipi yake ikhale yaikulu bwanji?

Mmisiri_wa_ku_Kawale:
Ya mamilimita 110, ija timaika kuchimbudzi chamadzi. Kukamwa kwake muikeko kawaya ka sefa, apo ayi majumbo atseka mvula yoyamba yomwe.