Vuto la ma session otayika pa PHP latha

Zikomo kwambiri nonse amene munandiyankha pa funso langa lija la anthu amene ankatulutsidwa m'pulogalamu yathu ya PHP akangosiya kompyuta kwa kanthawi, ngakhale ndinali nditakweza session.gc_maxlifetime (nthawi imene session, fayilo yokumbukira munthu amene walowa, imasungidwa) ndi ini_set(), lamulo losinthira makonzedwe a PHP m'pulogalamumo.

Ena munakayikira ma cookie, ena load balancer (chogawira ntchito ma seva angapo), koma seva yathu ndi imodzi yokha. Amene munati ndiyang'ane mmene Ubuntu imasesera ma session, inu ndi amene munalasa. Pa Ubuntu ndi Debian, ntchito yochotsa mafayilo akale m'foda ya /var/lib/php/sessions imagwiridwa ndi pulogalamu yotchedwa phpsessionclean mphindi 30 zilizonse. Iyo imatsatira zolembedwa mu php.ini (fayilo ya makonzedwe a PHP), za ini_set() siziona n'komwe, ndiye inkagwiritsabe ntchito masekondi 1440, kapena kuti mphindi 24.

Ndinasintha nambalayo mu php.ini ya php-fpm (pulogalamu yoyendetsa PHP pa seva) kukhala 28800, maola 8 a ntchito, n'kuyambitsanso php-fpm. Kuchokera pamenepo palibe wadandaulanso kuti zimene analemba pa fomu yaitali zatayika, nkhani imene inkandiwawa kwambiri.

Mukasamutsira ma session kufoda ina kudzera mu ini_set(), chenjerani: session.gc_probability pa Ubuntu ili pa 0, kutanthauza kuti PHP siisesa yokha, ndipo phpsessionclean siidziwa za foda yatsopanoyo, choncho mafayilowo adzangounjikana mukapanda kukonza njira yowasesera nokha.